Kalulu Amene Ndinasungitsa ku Shimabala

Zaka zimene mafakitale a mu Kafue anayamba kuchotsa anthu ntchito, ine ndinkakhala ndekha m'nyumba ya kampani. Amuna anga anali atamwalira, ana anali atabalalika, wina ku Lusaka, wina ku migodi, ndipo ntchito yanga yoyang'ana zolakwika pa nsalu inatha tsiku limene anazimitsa makina a mbali yathu. Sindinali nkhalamba, koma ndinali nditafika pa msinkhu woti aliyense amakupatsa moni mwaulemu koma palibe amene angakulembe ntchito. M'mawa ndinkadzukabe nthawi yakale, n'kusamba, n'kuvala, kenako n'kukhala pampando osadziwa chimene ndavalira.

Mzere wa nyumba zathu unkaguluka ngati mano a munthu wamkulu, lero nyumba iyi, mawa iyo. Lole inkafika, anthu n'kukweza mabedi, mbaula ndi matumba, ena kubwerera kum'mawa kumene makolo awo anachokera, ena kukayamba ulimi m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka. Tinkatsanzikana molonjezana kuti tidzayenderana, tonse tikudziwa kuti tikunamizana. Ine kobwerera ndinalibe. Makolo anga anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito ya njanji ine ndisanabadwe, ndipo mudzi umene ankautchula ndinangoupondako kamodzi ndili mwana. Kwathu kunali pomwepo, pa mzere umene unkathawo.

Kalulu woyamba ndinachita kupatsidwa. Ku nyumba za mabwana kunkakhala injiniya wina wochokera kunja, ndipo mkazi wake ndinkamusokera makatani. Nthawi yawo yochoka itakwana, mayiyo anatuma munthu kudzandiitana. Ndinapita ndikuganiza kuti mwina andisiyira mapoto. Ndinamupeza atakhala pansi pakati pa makatoni, maso ali psuu, atafungatira kalulu wotuwa wa makutu ogwera pansi. Kalulu ameneyu ndinkamuona ndikapita kukayeza mawindo, akuyendayenda pabalaza mwaufulu, ndipo mumtima ndinkangoti anthu olemera sasowa chochita. Tsopano mayi uja ankandipempha, m'Chinyanja chake chothyokathyoka, kuti ndimutenge, chifukwa pa ndeke sakanakwera naye, ndipo wantchito wawo anali atanena kale mosabisa kuti anyezi womuphikira ali naye kale.

Ndinavomera chifukwa ndinachita manyazi kukana munthu akulira. Anandisonyeza kanyamulidwe kake: dzanja limodzi pansi pa chifuwa, lina kuchirikiza kumbuyo, makutu osawakhudza. Anandiuza kuti asamasowe udzu wouma ndi madzi, ndisamamusambitse, ndipo nthambo za magetsi ndizimubisira. Anandipatsanso beseni la utuchi limene kaluluyo ankadzithandiziramo. Pamenepo ndiye ndinalephera kudzigwira, ndinaseka, chifukwa ine ndalera ana ndipo ndikudziwa kuti kuphunzitsa munthu chimbudzi si ntchito yamasewera, nanji kalulu. Koma titafika kunyumba ananunkhiza ngodya zonse, n'kulowa m'beseni muja, n'kuchita zake mwaulemu kuposa alendo ena amene ndinawalandirapo.

Sindinkayembekezera kuti ndingamuzolowere. Poyamba ankangobisala kuseri kwa kabati, galu akauwa panja iye n'kumenya pansi ndi mwendo wakumbuyo. Patapita milungu ingapo anayamba kunditsatira kukhitchini. Ndikamasesa ankaluma tsache, ndikamasoka ankakoka nsalu, ndikamusisita pamphumi ankatsinzina n'kumakukuta mano pang'onopang'ono. Ndinayamba kuyankhula mokweza m'nyumba. Ndinkamuuza za mwana wanga amene sabwera, za bondo langa, za ulaliki wa Lamlungu umene unatalika popanda chifukwa. Sindibisa, ndinali wosungulumwa koopsa, ndipo kanyama kameneka ndi kamene kankandichititsa kufulumira pobwerera kunyumba.

Enawo ndinachita kutola. Nthawi ya ntchito mabanja ambiri ankaweta akalulu kuseri kwa nyumba, ena a ndiwo, ena ongosangalatsa ana. Posamuka, amene anali ndi mpata ankadya, koma ena ankasiyira neba amene nayenso sabata yotsatira ankasamuka. Tsiku lina ndikumweta udzu kuseri kwa nyumba yopanda anthu ndinamva fungo, ndipo ndinapeza khola lomangidwa ndi waya. Mkati kalulu mmodzi anali atauma kale, anzake atatafuna matabwa mpaka kufika pa misomali. Ndinakwiya koopsa. Kupha chiweto n'kudya ndimamvetsa, nanenso ndinakulira nyama. Koma kutsekera chinthu chamoyo n'kukwera lole, zimenezo mpaka lero sindizimvetsa. Kuyambira tsiku limenelo, lole ikangochoka pa nyumba, ine ndinkazungulira kuseri ndi dengu.

Ena ndinkawapeza ali ndi zilonda kuphazi chifukwa choponda waya moyo wawo wonse, ena m'makutu mwadzaza nkhanambo. Mmodzi ndinamulanda kwa agalu mumfoleni, ngalande ya madzi a mvula, ndipo chilonda cha waya umene unandicheka pa mkono tsikulo ndidakali nacho chipsera chake. Posakhalitsa khonde langa lakumbuyo linadzaza makola, aamuna kwaokha, aakazi kwaokha, chifukwa akalulu ukangowalekerera, pakutha pa nyengo uli ndi mpingo. Udzu ndinkakamweta m'mphepete mwa mpanda wa fakitale yathu yomwe ija, pamalo pamene kale tinkalimbirana poimika njinga. Unali utakula mpaka m'chiuno. Mlonda sankandiletsa, popeza naye analibe choti alondere.

Anthu anayamba kunditcha amake akalulu. Mayi wina wogulitsa tomato pamsika ankati akandiona n'kufuula, "Ba mai ba akalulu, bana bagona shani? Manje muzabapeleka liti ku sukulu?" Ine ndinkamuyankha kuti anga amamva kuposa ake, ndipo tinkaseka. Koma kuchezako kunkathera pamsika pomwepo. Palibe ankabwera kudzakhala m'nyumba mmene mukuyenda kalulu, ndipo ndikudziwa kuti ena ankanong'onezana kuti mayi wamasiye kusunga nyama yotere m'nyumba sikungakhale kwachabe.

Akalulu onsewo sindikanawakwanitsa, ndiye ndinayamba kuwafunira makomo. Ndinkauza amayi a kumpingo, aphunzitsi, ngakhale ogulitsa nsomba obwera pa njinga kuchokera ku Chanyanya. Koma sindinkangopereka ayi. Munthu ankayamba wakhala pansi pakhonde langa n'kumva mwambo. Apa ndiye ndinkakangana ndi anthu, chifukwa aliyense mu Kafue anabadwa akudziwa kuweta kalulu. Bambo wina, wovala jekete ndithu, anandiuza motsimikiza kuti, "Kalulu samamwa manzi, amai. Mukamupasa manzi, azafa." Ndinamutengera ku makola n'kumuimika pamenepo mpaka anaona ndi maso ake kalulu akumwa. Anapukusa mutu n'kunena kuti amenewo ndi akalulu achizungu. Ndinamubweza chimanjamanja.

Ena ankafuna kuwapatsa nshima yogona, ena kuwasambitsa ndi sopo, ndipo pafupifupi onse dzanja linkathamangira kumakutu ngati chogwirira cha poto. Ndinkawamenya padzanja, kaya ndi akuluakulu a mpingo. Ndinkawauza kuti udzu wouma ndiye chakudya chenicheni, masamba a mbatata ndi chisoso n'zongowonjezera, ndipo azikhala atafota pang'ono, osati onyowa ndi mame. Ndinkawauza kuti aziika kanthambi ka gwafa koti kalulu azitafuna, popeza mano ake sasiya kukula, ndiponso kuti dzuwa la Okutobala la kuno limapha kalulu msanga kuposa galu, choncho khola likhale pamthunzi, pamwamba pake thumba lonyowa. Mphunzitsi wina wamkazi anatenga awiri n'kuwasunga m'nyumba, ndipo anakhala nawo zaka. Bambo wina anabweza wake m'katoni tsiku lotsatira chifukwa anamudulira nthambo ya wailesi nthawi ya mpira. Aliyense pochoka ndinkamuuza kuti, "Uyu si ndiwo." Onse ankavomera. Ndikudziwa kuti akalulu ena Khirisimasi sanaione, koma masiku amenewo anthu ankagona ndi njala, ndipo ndinalibe mtima wopita kukafunsa.

Kenako nyumba za kampani zinayamba kugulitsidwa. Yanga inagulidwa ndi munthu wina, ndipo anandiuza mwaulemu kuti mvula isanagwe ndikhale nditatuluka. Ndinapeza kachipinda kamodzi ku komboni, kwa mwininyumba woweta agalu, amene ananeneratu kuti m'chipinda chake simulowa chiweto. Mwana wanga wa ku Lusaka anati ndingopita kwa iye, koma ndinamva mmene ananenera ndipo ndinadziwa kuti mpongozi wanga sanafunsidwe. A m'makola onse ndinawagawa. Anatsala wa m'nyumba uja. Tsopano anali atakula, sankadziwa khola, sankadziwa mvula, sankadziwa n'kuthawa galu komwe. Ndinkafuna khomo limodzi lokha loti akakhale m'nyumba mpaka adzafe yekha ndi ukalamba, ndipo nkhani imeneyi inandivutitsa kuposa ya kumene ine ndikaike bedi langa.

Ndinaganiza za banja lina la ku Shimabala. Bamboyo ankagwira ntchito limodzi ndi amuna anga ku fakitale ya feteleza, ndipo pa maliro awo ndi iye amene anagwira bokosi kumutu. Atachotsedwa ntchito anapeza kamunda kumeneko, n'kumanga nyumba ya zidina, n'kuyamba dimba. Anali anthu a kum'mawa, a ulemu wachikale, oti mkazi sakupatsa madzi ali chilili. Ndinatumiza mawu, ndipo mayiyo anabwera yekha pa minibasi. Sanaseke ngakhale pang'ono. Anakhala pakhonde n'kumvetsera zonse, n'kufunsa zimene sanamve bwino, n'kuyeserera kumunyamula mpaka manja ake atazolowera. Ndinamupatsa beseni, mbale ya madzi ndi thumba la udzu. Pofuna kuimanga bwino nkhaniyo ndinati, "Amai, uyu sindikukupatsani ayi, ndikungokusungitsani. Ndi wanga. Musamudye." Iye anawomba m'manja n'kuyankha, "Osada nkhawa, amai. Ni wanu, muzamupeza." Ndinamuperekeza mpaka pa siteji, ndipo pobwerera ndinadutsa njira yaitali dala, kuopa kufika msanga m'nyumba.

Ku komboni ndinakhala miyezi yambiri osapita kukamuona. Poyamba inali mvula, kenako ndinadwala, kenako yokwerera inasowa. Kachipindako kanali ndi phokoso mbali zonse, mawailesi, makanda, anthu okangana pampopi, koma sindinakhalepo ndekha ngati mmene ndinakhalira mmenemo. Ndinasiya kuyankhula mokweza, chifukwa makoma anali opyapyala ndipo ndinkaopa kuti adzati mayi uja mutu wayamba kuzungulira. Chaka chimenecho sichinali chabwino. Chimanga sichinabereke, ndipo ndinamva kuti ku Shimabala chitopa chasesa nkhuku. Ndikakumana ndi munthu wa kumeneko pamsika ndinkafunsa, ndipo yankho linali lomwelo: kalulu wanu alipo, amagona m'nyumba, anthu amachita kubwera kudzamuona. Mawu amenewo ndinkakhala nawo sabata yonse.

Nyengo yozizira ikutha ndinatumiza mawu kuti ndibwera Loweruka. Ndinavala chitenje changa chabwino, ndipo ndinathyola tinthambi ta gwafa pa mtengo wa mwininyumba iye asakuona. Nditatsika minibasi ndinapeza bambo uja akundidikira pamsewu, atavala shati yosita, ndipo anandilandira kachikwama kanga ngakhale munalibe cholemera. Pabwalo panali posesedwa mpaka kunjira. Anandikhazika pa mpando wokhawo wa khushoni, ana anabwera kudzagwada mmodzimmodzi, anansi nawo anabwera kudzapereka moni. Chimwalirireni amuna anga palibe amene anandilandirapo chotero, ndipo ndinasangalala ndi mtima wonse.

Moni atatha, mayi uja analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kalulu, atamunyamula ndendende mmene ndinamuphunzitsira. Anagwada patsogolo panga n'kundipatsa ndi manja awiri. Bamboyo anati, "Onani, amai. Nkhuku zinasila na matenda, koma uyu tinasunga." Ndinamulandira. Anali wolemera, ubweya uli see, m'makutu moyera, kuphazi kopanda chilonda. Ananunkhiza chala changa n'kugoneka mutu kuti ndimusisite. Kaya anandikumbukira kaya ayi, ine ndinakhulupirira kuti wandikumbukira. Ndinati, "Mwamusamala bwino, wanenepa. Zikomo kwambiri." Ndinamubwezera kwa mayi uja ndi manja awiri, n'kuwomba m'manja. Bamboyo anamwetulira n'kunena kuti ndiyambe ndakaona dimba dzuwa lisanatenthe.

Dimba linali chakumunsi, patali ndithu. Anandionetsa repu, tomato, ndi chitsime chimene anakumba yekha. Anandiuza za anzathu akale, amene anamwalira, amene analowerera mowa, amene akugulitsa makala. Tinakumbutsana za amuna anga, mmene ankaimbira mokweza m'tchalitchi nyimbo imene sakuidziwa, ndipo ndinaseka mpaka misozi. Tinthambi tija tinali tidakali m'chikwama. Ndinkaganiza kuti tikabwerera ndikhala pansi m'nyumba ndi kalulu wanga mpaka nthawi yopita.

Tikuyandikira pakhomo ndinamva fungo la nyama. Kuseri kwa khitchini, pa thandala loyanikapo mbale, panali chikopa chotuwa atachitambasula n'kuchiwaza phulusa. Ndinaima. Pomwepo ndinakumbukira chimene ndinachionapo kumudzi ndili wamng'ono. Mlendo wolemekezeka akafika, amamubweretsera nkhuku yamoyo kuti aione ndi kuigwira. Akayamika n'kuibweza ndiye kuti walandira, ndipo nkhukuyo imapita kukaphedwa. Mwambowo ndinkaudziwa. Kungoti ine ndinali ndisanakhalepo mlendo woti n'kumuonetsa kanthu, ndipo pamene ankandichitira sindinauzindikire.

Bamboyo anaona kumene ndinkayang'ana, ndipo anayankhula monyadira. "Njala inativuta maningi chaka chino, amai. Bana benze kulila nyama. Koma ine n'nakana, n'nati uyu ali na bene bake, tizayembekeza babwele badye beka. Sitingakulandileni na repu chabe, imwe bakazi ba mnzanga."

Ndinafuna kukuwa. Ndinafuna kugubuduza poto uja n'kuwatukwana onse, kuyambira bambo mpaka khanda. Koma ndikanakalipira ndani? Anthu amenewa anasunga chiweto chonenepa m'nyumba ana akugona ndi njala, chifukwa ndinawauza kuti ndi changa. Anamutungira madzi, anamumwetera udzu, sanamugwirepo makutu. Zonse zimene ndinawaphunzitsa anachita. Kwa iwo chiweto chosungitsa chimadikira mwini wake, ndipo mwini wakeyo anali atafika. Zoti munthu angasunge kalulu kuti angokalamba n'kufa yekha, m'mutu mwawo munalibe, ndipo panalibe chifukwa choti mukhale.

Mayi uja anabwera ndi madzi osamba m'manja. Anagwada, anandiyang'ana kumaso, ndipo nkhope yake inasintha. Anafunsa chapansipansi kuti amuna ake asamve, "Amai, talakwa?" Ndinati, "Iyayi, simunalakwe." Ndinasamba m'manja.

Anandiikira chakudya m'nyumba, monga amachitira ndi mlendo, mbale zovundikira bwino. Bamboyo anapemphera, kuthokoza Mulungu chifukwa cha ubale umene sunathe ngakhale ntchito inatha. Ana anakhala panja pafupi ndi khomo, akunamizira kusewera koma maso ali pa mbale. Ndinatenga kanthuli kamodzi kakang'ono, ndinatafuna, ndinameza, bamboyo akundiyang'ana mokondwa. Za pamenepo sindikufuna kunena zambiri. Zotsalazo ndinati apatse ana, ndinanamizira dzino.

Pochoka, bamboyo analamula kuti andimangire kamba wa panjira. Mayi uja anakulunga mwendo umodzi m'pepala, ndipo pondipatsa sanandiyang'ane. Mlendo sakana kamba, choncho ndinalandira. Anandiperekeza banja lonse mpaka pamsewu, akundiuza kuti ndisatenge nthawi ndisanabwerenso, ndipo anaima akubayibitsa mpaka minibasi itakhota. Kaphukusi kaja kanali kofunda pamiyendo panga njira yonse.

Nditatsika mu Kafue dzuwa linali lisanalowe. Msika unali wodzaza, anthu ankandipatsa moni, wina anandiyamikira chitenje. Ndinaima pamenepo ndi kaphukusi m'manja, ndikufufuza m'mutu mwanga munthu mmodzi yekha amene ndingamuuze zimene zachitika iye osaseka. Ndinayamba ndi a kumpingo, ndinadutsa kwa aneba, ndinafika mpaka kwa ana anga obereka ndekha. Sindinamupeze.